Timabowo Tisanu pa Mimba ya Achimwene

Bambo anga adali mkulu wa mpingo kwa zaka zambiri kwathu kuno kwa Ngabu, ndipo mpando wao udali kutsogolo, pafupi ndi gome. Sadali munthu wotuluka m'tchalitchi mapemphero ali m'kati. Ngakhale m'mwezi wa Okutobala, pamene malata amatentha ngati chiwaya, iwo ankakhala chikhalire kufikira mdalitso wotsiriza. Koma m'chaka cha 2019 tidayamba kuona zachilendo. Ulaliki usadafike pakati, ankanyamuka mwakachetechete natulukira khomo la pambali. Patapita miyezi ingapo adasamukira pa benchi yakumbuyo, nanena kuti kumeneko ndiko kumawomba kamphepo. Tonse tidawakhulupirira.

Amayi ndiwo adatiululira pambuyo pake kuti usiku bambo ankadzuka kasanu kapena kasanu n'kamodzi, ndipo ankaima nthawi yaitali kuseri kwa nyumba, mkodzo ukungodontha. Sadauze munthu. Kuno kuchigwa timakula tikusambira m'madambo ndi m'ngalande, kotero kuti likodzo tidalizolowera. Mwamuna akamva kuwawa pokodza, kapena akaona timagazi, amangoti ndi nthenda yakale ija, nakumba mizu. Tsono pamwamba pa kuzolowerako pali manyazi. Munthu wamkulu, wokhala ndi apongozi ndi zidzukulu, angayambe bwanji kufotokozera namwino wa msinkhu wa mwana wake za kumalo obisika? Pamene msana ndi chiuno zidayamba kuwawa mu 2021, bambo adati ndi khasu la m'munda wa thonje pamodzi ndi ukalamba.

Mu Januwale 2022, sabata imene namondwe wa Ana adasefukiza mitsinje ndi kudula msewu wa ku Blantyre, mkodzo udatsekeka kotheratu. Sindidzaiwala usiku umenewo. Bambo, amene sindidawaonepo akulira ngakhale pa maliro a mwana wao, ankabuula atagwira mimba yotupa. Tidawanyamula pa ngolo, ng'ombe zikuterereka m'matope, mpaka pa chipatala chapafupi, kumene adawalowetsa kapaipi kotulutsira mkodzo. Atapeza mpumulo, wachipatala adandiitanira pambali nati, "Msewu ukangotseguka, mupite nao ku Blantyre. Musazengereze."

Tidapitadi. Tidadutsa Nchalo, tidaoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, tidapitirira Thabwa ndi kukwera zitunda zokhotakhota zija, bambo atabisa thumba la mkodzo m'kati mwa jekete lao la Lamulungu. Ku chipatala cha Queen Elizabeth adawayeza magazi, adawapima ndi chala, adatapako kanyama kokaunika, ndiponso adajambula mafupa. Tsiku lolandira zotsatira, dotolo adatenga pepala natijambulira. Adati pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna aliyense pali kachiwalo kotchedwa prostate, kakukulu ngati kandimu kakang'ono, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake monga msewu udutsira pakati pa mudzi. Munthu akamakalamba kachiwaloka kamakula ndi kupana njirayo. Kwa amuna ambiri kukulako si khansa ayi, ndipo kuli ndi mankhwala ake. Koma kwa bambo idali khansa, ndipo idali itafika kale m'mafupa a msana ndi a m'chiuno.

Ndidafunsa mofulumira kuti, "Kodi simungaichotse ndi opaleshoni?" Dotoloyo adayankha modekha kuti kuchotsa prostate kumachiza munthu pamene nthenda ikadali m'kati mwa kachiwaloko. Ikatuluka ndi kufalikira, chotsala ndi kuimana chakudya chake. Khansa imeneyi imakula ndi timadzi tachimuna totchedwa testosterone, monga adaonetsera Charles Huggins ku Chicago mu 1941. Motero bambo adayenera kusankha pakati pa jakisoni wa nthawi ndi nthawi ndi kaopaleshoni kakang'ono kochotsa ziwalo ziwiri zopanga timadzi timeneti. Atawerengera ulendo ndi ndalama, adasankha kaopaleshoniko. Potsazikana, dotolo adawafunsa ngati ali ndi ana aamuna. "Muwauze akayezetse," adatero, "pakuti mwamuna amene bambo wake kapena mbale wake adadwalapo nthendayi, mpata woti nayenso adwale umakhala pafupifupi wowirikiza kawiri."

Achimwene anga aakulu akhala ku Pretoria zaka zoposa 20, akugwira ntchito yokonza magalimoto akuluakulu. Nditawauza uthengawo pa foni adaseka. "Aphunzitsi," adatero, pakuti ndi mmene amanditchulira, "ine ndimakodza ngati mnyamata. Ndikayezetse chiyani?" Alamu anga ndiwo sadawapatse mtendere kufikira adapita. Magazi adaonetsa kuti chinthu chotchedwa PSA chakwera, ndipo atawajambula ndi kutapako kanyama, adapeza khansa. Adali ndi zaka 56, opanda kuwawa kulikonse. Ichi ndicho chinyengo cha nthendayi: pamene ili yochizika, kawirikawiri siimveka m'thupi. Mwayi wao udali wakuti idali isadatuluke m'kachiwalo kaja.

Madotolo adawaikira njira zitatu: kungoiyang'anira ndi kuyeza kawirikawiri, kuiwotcha ndi cheza cha makina, kapena kuchotsa prostate yonse. Kusankha kotere si kwa moyo ndi imfa monga ambiri aganizira. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa ProtecT adatsatira amuna 1,643 opezeka msanga, ndipo zotsatira zake za mu 2023 zidaonetsa kuti patapita zaka 15, amuna pafupifupi 97 pa 100 alionse sadafe ndi khansayi, kaya adatsata njira iti mwa zitatuzo, ngakhale kuti mwa ongoyang'aniridwa nthenda idafalikira mwa ochulukirapo. Achimwene, pokumbukira msana wa bambo, adati iwo afuna ichoke.

Apa ndi pamene adandiimbira usiku atasokonezeka. "Aphunzitsi, ndimayesa opaleshoni ndi imodzi. Tsono akundiuza za kung'amba, za timabowo, za loboti, za kudzera m'kati ndi kudzera kunja. Inu mumawerenga, tandithandizani." Ndidakhala masiku angapo ndikuwerenga ndi kufunsa odziwa, ndipo zimene ndidapeza ndi izi.

Njira yakale ndiyo yong'amba. Kuchotsa prostate yonse chifukwa cha khansa kudayamba mu 1904 pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, m'dziko la America, pamene Hugh Hampton Young adaifikira podzera kunsi, pakati pa miyendo. Mu 1945 Terence Millin, dotolo wa ku Ireland wogwira ntchito ku London, adaonetsa njira yodzera kutsogolo, kung'amba pansi pa mchombo kutsikira ku fupa la chinena. Kwa zaka zambiri amuna ankaiopa opaleshoniyi, popeza ambiri ankataya magazi ochuluka, ena ankatsala osatha kusunga mkodzo, ndipo pafupifupi onse ankataya mphamvu za m'banja. Zinthu zidasintha mu 1982 pamene Patrick Walsh, wa pa Johns Hopkins pomwepo, adaonetsa podutsa timitsempha ta mphamvuzo m'mbali mwa prostate, ndi kuti dotolo wosamala angathe kutisiya tosadulidwa ngati khansa sidatifike.

Njira yatsopano ndiyo ya timabowo. M'malo mong'amba, dotolo amaboola pamimba timabowo tisanu kapena tisanu n'kamodzi, kalikonse kotalika pafupifupi sentimita imodzi. Amapoperamo mpweya kuti m'kati mufufume, nalowetsa kakamera ndi zida zazitali zowonda, ndipo amagwira ntchito akuyang'ana pa kanema. Oyamba kuchotsa prostate motere adali William Schuessler ndi anzake ku Texas mu 1991, koma opaleshoni imodzi inkawatengera maola 9, kotero kuti iwo eni sadaone phindu lake. Adaitsitsimutsa ndi madotolo a ku France, makamaka Bertrand Guillonneau ndi Guy Vallancien ku Paris, kuyambira mu 1998. Kenaka mu 2000 Jochen Binder wa ku Frankfurt, ku Germany, adaichita ndi makina otchedwa da Vinci, amene anthu amawatcha loboti. Makinawa saganiza okha. Dotolo amakhala pa mpando chapambali, maso ali pa kanema wokuza zinthu, ndipo zala zake zikayenda, timanja tachitsulo m'mimba mwa wodwala timatsatira. Ku South Africa makina otere adayamba kugwira ntchito mu 2013 pa The Urology Hospital, ku Pretoria komweko.

Koma ngakhale pakati pa madotolo a timabowo pali kusiyana maganizo pa khomo lolowera, ndipo apa ndi pamene padagona funso la achimwene. Ndidalimvetsa bwino tsiku limene ndidayesa kufotokozera bambo. Nthawi imeneyo adali atapezako bwino, msana utaleka kuwawa, ndipo madzulo ankakhala pa mpando wao wa ndalema pansi pa mtengo wa nimu. Nditatchula loboti adandidula pakamwa. "Loboti yake iti? Ija yoimitsa magalimoto ku Blantyre?" Tidaseka mpaka amayi adatuluka m'khitchini kudzafunsa.

Tsono ndidakumbukira kuti pa maukwati onse a m'mudzi mwathu, wotumbula mbuzi adali iwo. Ndidati, "Bambo, mpeni ukadutsa chikopa ndi mnofu wa pamimba, mumapeza chiyani musadafike pa matumbo?" Adati, "Kansalu kopyapyala kaja, kowala, kokuta zam'kati zonse ngati thumba." Ndidawauza kuti munthunso ali nako, ndipo prostate ili kunja kwa thumba limenelo, pansi pake, kuseri kwa fupa la chinena.

Madotolo ena amaboola kansaluko, nalowa m'thumba mmene muli matumbo, kenaka natulukiranso pansi kuti afike pa prostate. Ubwino wake ngwakuti malo ogwiriramo ntchito ndi otakasuka, dotolo amaona patali, ndipo nkosavuta kuchotsa timwanabere ta m'chiuno ngati akukayika kuti khansa yafikamo. Kuipa kwake nkwakuti wodwala amamupendeketsa kwambiri, mutu pansi miyendo m'mwamba, kuti matumbo asendere kuchifuwa. Zida zimadutsa pafupi ndi matumbo. Ndipo nthawi zina matumbowo amachita ulesi masiku angapo asadayambenso kuyenda. Madotolo ena sakhudza kansaluko. Amalowetsa kabaluni pakati pa iko ndi mnofu wa pamimba, nakafufumitsa kuti papezeke kampata, ndipo amayenda m'kampatako kufikira pa prostate. Njira imeneyi idafalitsidwa kwambiri ndi madotolo a ku Brussels ndi ku Leipzig kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Matumbo sakhudzidwa, wodwala sapendeketsedwa kwambiri, ndipo mkodzo ukadontha pa msoko sufika m'matumbo. Koma malo ake ndi opanikiza, ndipo akachotsa timwanabere, madzi amakonda kudikha pamalopo chifukwa chosowa kolowera.

Bambo adamvetsera mwachidwi, ndipo adafunsa funso lomwe lija la achimwene: "Nanga yopambana ndi iti?" Ndidawauza zoona, kuti pamene madotolo ayerekeza makomo awiriwa pa zinthu zitatu zazikulu, ndizo kuchotsa khansa yonse, kusunga mkodzo ndi kusunga mphamvu za m'banja, sapeza kusiyana kwenikweni. Ndiponso ku Brisbane, m'dziko la Australia, adagawa amuna oposa 300 mwamaere, ena kuwang'amba, ena kuwachita ndi loboti. Zotsatira za mu 2016, ndi za mu 2018 patapita zaka ziwiri, zidaonetsa kuti a loboti adataya magazi ochepa ndipo adatuluka msanga m'chipatala, koma pa kusunga mkodzo ndi pa za m'banja magulu awiriwo adafanana. Chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi dzanja la dotolo ndi kuchuluka kwa maopaleshoni otere amene wachitapo. Dotolo wozolowera kung'amba aposa mlendo pa makina.

Bambo adakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana ng'ombe zikulowa m'khola. Pomaliza adati, "Ndiye kuti wina alowera khomo la kutsogolo n'kudutsa pabalaza pamene pagona anthu, wina azungulira kuseri kwa nyumba, koma onse akufuna chipinda chimodzi. Mkulu wako ali ndi mwayi, akusankha makomo. Ine ndidafika onse atatsekedwa, ndipo wotseka ndidali ndekha." Sindidapeze choyankha.

Achimwene ndidawalangiza kuti aleke kufunsa kuti njira yopambana ndi iti, koma afunse dotolo wao mafunso atatu: mwachitapo angati, njira imene mudaizolowera ndi iti, ndipo pa thupi langali mungasankhe iti? Funso lachitatu ndilo lidathetsa nkhani. Ali mnyamata, achimwene adawang'ambapo pamimba chifukwa cha apendikisi yophulika, ndipo dotolo adati m'kati mwa thumba lija mungakhale zipsera zomata matumbo. Chotero adasankha kudzera kunja kwa kansalu, ndi makina aja. Bungwe la zaumoyo la kuntchito kwao lidalipira gawo lalikulu. Kukadapanda kutero, sakadakwanitsa.

Ndisakunamizeni, owerenga okondedwa, kuti timabowo tating'ono titanthauza mavuto ang'onoang'ono. Achimwene adatuluka m'chipatala patapita masiku awiri, koma kapaipi ka mkodzo adakhala nako masiku 10. Atakachotsa, kwa miyezi itatu ankavala thewera la akuluakulu, pakuti akatsokomola kapena kunyamula chinthu mkodzo unkadontha. Adawaphunzitsa kulimbitsa minofu ya kunsi tsiku ndi tsiku, ndipo pang'onopang'ono zidatha. Za m'banja zidachedwa koposa, ndipo iwo eni amanena mosabisa kuti sizidabwerere monga kale. Mwamuna wochotsedwa prostate sangaberekenso mwa njira ya chilengedwe. Chidawathandiza nchakuti alamu anga adakhala nao pamaso pa dotolo kuyambira tsiku loyamba, namva zonse ndi makutu ao, kotero kuti m'nyumba simudalowe kukayikirana. Kufikira lero, akayezetsa magazi, PSA sipezeka.

Pa Khirisimasi ya 2023 adabwera kumudzi. Madzulo ena, pansi pa nimu pomwe paja, bambo adati, "Tavula malaya tione." Achimwene, munthu wa imvi, adavula ngati mwana. Bambo adawerenga timabowo ndi chala, kamodzikamodzi, mpaka kasanu. Tidali titapola, tikuoneka ngati zipsera za katemera. "Basi, tomweti?" adafunsa, napukusa mutu. Lamulungu lotsatira adapempha mpata pa msonkhano wa abambo, ndipo munthu amene adabisa nthenda yake zaka zitatu adaimirira nafotokoza zonse, osasiyako ngakhale za thumba la m'jekete. Adatsiriza ndi mwambi wakuti mbewa yamanyazi idafera kuuna. Ena adaseka mwamanyazi, koma ndidziwa amuna anayi amene adapita kukayezetsa mwezi womwewo, ndipo mmodzi wa iwo ndine.

Mankhwala oimana chakudya khansa amagwira ntchito kwa nthawi, kenaka nthenda imapeza njira yokulira popanda chakudyacho. Kuchiyambi kwa 2024 msana udayambanso, ndipo miyendo idafooka. Achipatala adatipatsa mankhwala oletsa ululu, amayi a Mvano ankabwera kudzathandiza amayi kuchapa ndi kutunga madzi, ndipo bambo adatisiya mu Juni, thonje lao lisadathe kutoledwa.

Ndalemba izi podziwa kuti ambiri a ife kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje sitidzagona pansi pa makina a loboti. Zimenezo zisatifooketse. Opaleshoni yong'amba, ikachitidwa ndi dzanja lodziwa, imachiza monga momwe ichizira ya timabowo. Kuwotcha khansa ndi cheza, kumene kale kunkafuna ulendo wa kunja kwa dziko, kudayamba kuchitika ku Blantyre mu 2024, ndipo mu 2025 boma lidatsegula chipatala cha khansa ku Lilongwe. Koma njira zonsezi, yakale ndi yatsopano yomwe, zimachiza munthu wofika nthenda isadafalikire. Khansa ya prostate ndi imodzi mwa khansa zofala pakati pa amuna m'Malawi, ndipo imagwira anthu akuda kawirikawiri ndiponso msanga kuposa mitundu ina.

Chifukwa chake, inu abambo amene mwakwanitsa zaka 45, makamaka ngati bambo wanu kapena mbale wanu adadwalapo, pitani mukakambe ndi achipatala za kuyezetsa ngakhale simukumva kanthu. Ngati mumadzuka kawirikawiri usiku, ngati mkodzo ukuchedwa kuyamba kapena ukutuluka mofooka, ngati mwaona magazi, musagamule nokha kuti ndi likodzo kapena ukalamba. Mwina ndi kukula wamba kwa kachiwalo kaja, ndipo mudzabwerako ndi mankhwala ndi mtima wokhazikika. Kupimidwa ndi chala kumatenga kamphindi chabe. Inu amayi, ndinu amene mumamva chitseko chikutseguka usiku. Musasunge chinsinsi chotere poyesa kuti ndi ulemu. Ndipo inu achinyamata, mukaona bambo wanu wasintha pokhala m'tchalitchi, kapena wayamba kukana maulendo aatali pa basi, mufunseni mwaulemu, kapena mutume atsibweni anu akamufunse. Ine ndidaona bambo anga akusamukira pa benchi yakumbuyo, ndipo ndidavomera kuti ndi nkhani ya kamphepo. Funso limodzi la chaka chimenecho mwina likadawapatsa mpata wosankha khomo monga adasankhira mwana wao.